Botolo Lofika Lopanda Kalata

Sadzi, Zomba
6 Juni 2011

Okondedwa alamu a Consolata,

Moni wochokera kuno kunsi kwa phiri. Ndikukhulupirira kuti chisanu cha ku Joni chikukusiyirani zala zogwirira ntchito. Ife tilipo. Amayi anu akudandaula bondo lomwe lija, alongo anu a Winston akulera mbande za paini ku nazale ya kuphiri, ndipo ine ndikadali pa makina anga kusitolo ya mapepala pafupi ndi msika, kutayipa makalata a anthu ofunsira ntchito zomwe kulibe.

Katundu wanu wafika Lachinayi. Wabasi akuti anagona masiku asanu ndi anayi ku Mwanza kudikira dizilo. M'katoni munali bulangete, jekete ya a Winston, nsapato za amayi ndi mabotolo atatu oyera a mapiritsi. Kalata munalibe. Ndinakutumula bulangete, ndinapisa m'matumba a jekete, ndinasuzumira ngakhale m'nsapato. Wabasi akuti envulopu iyenera kuti inalowa m'chikwama cha munthu wina, ndipo ikapezeka adzaibweretsa. Nkhope yake sinali ya munthu amene amapeza zinthu.

Poti kalata panalibe, mabotolo anamasuliridwa ndi amayi. Ananyamula limodzi, naligwedeza pafupi ndi khutu ngati akuyesa dzira, kenaka anandipatsa kuti ndiwerenge, poti maso awo anasiya kale kugwirizana ndi zilembo. Ndinawauza kuti dzina lake ndi asipatiki asidi, ndipo olemba akuti amathandiza mphamvu za thupi ndi kubereka. Mawu otsirizawo ndi okhawo amene anawamva. Anayang'ana kudenga, anati Mulungu wayankha kudzera pa basi, kenaka anayang'ana mimba yanga.

Mukudziwa mmene zinthu zilili pakhomo pano. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi chilowereni m'banja, mwana osaoneka. Ukwati wathu ndi wa chinkhoswe chokha, poti amayi anati za kutchalitchi zidikire mwana. Pa Pasaka amalume anu a Anderson anabwera, anamwa tiyi makapu awiri, nanena kuti mvula yoyamba ikagwa popanda chooneka, ankhoswe adzakhala pansi pa Khirisimasi kuti aone ngati sindingakapume kwathu ku Malosa. Kupuma. Analankhula mofatsa ngati munthu wogulitsa mabokosi a maliro. A Winston ankangoyang'ana nsapato zawo.

Tsono amayi akhazikitsa lamulo. Akuti mankhwala a kubereka munthu sadzimwetsa yekha. Amaikidwa m'dzanja lake ndi mayi woti anaberekapo, m'mamawa, asanapatsane moni ndi munthu aliyense. Akuti ndi mmene ankachitira amayi awo kutsidya kwa malire asanasamukire kuno. Choncho tsiku lililonse, chifunga chikadali pabwalo, ndimamva nsapato zatsopano zija zikuchoka kunyumba yakutsogolo. Ndimatsegula chitseko, ndimatambasula dzanja, amaikamo piritsi, ndimameza iwo akuyang'ana pakhosi panga. Akatero m'pamene amati, "Mwadzuka bwanji?"

Kusintha sindikukuona, kupatula maloto. Mwina ndi kuzizira chabe. Ndimalota kamtsikana kovala juzi yofiira kakuyenda patsogolo panga m'mphepete mwa damu la Mulunguzi. Sikathamanga, koma sindikapeza, ndipo sikatembenuka. Nkhongo yake ndimaidziwa bwino kuposa nkhope za anthu ena.

Lembaninso mutiuze za mabotolowa, komanso za inu. Chipinda chodontha chija munasamukamo?

Ine mlamu wanu,
Ella

*

Yeoville, Joni
14 Meyi 2011
(Inafika ku Sadzi pa 27 Julayi, itathimbirira mafuta ophikira)

Alamu anga a Ella,

Muli bwanji nonse kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti miyendo. Ndikulemba nditaimirira kuseri kwa shopu, ndiye musandiseke zilembo.

Kalata iyi muwerenge muli nokha, mukatha muiwotche. Bulangete ndi lanu, nsapato ndi za amayi, jekete ndi ya Winston. Mabotolo atatuwo ndi a Winstonso. Ndikubwereza: ndi a Winston. Amayi asawaone.

Mukudziwa kuti ndimakolopa ndi kulongedza katundu pa mashelefu m'shopu ya mankhwala. Mabotolo amenewa amagulidwa kwambiri ndi anyamata onyamula zitsulo. Tsiku lina kunabwera bambo wamanyazi, wa tayi, nagula awiri akuyang'ana pansi. Nditafunsa mayi wopereka mankhwala anandiuza kuti ena amamwa pofuna kulimbitsa mbewu yaumuna. Anati si mankhwala a dokotala, ndi zongowonjezera, ndipo sangalonjeze chilichonse. Koma ine tsiku lonselo ndinkangoona nkhope ya mlongo wanga.

Pali nkhani imene simukuidziwa. Winston ali Folomu 2 anabwera kuchokera kusukulu atadwala matsagwidi. Masaya ataphwa, kutupa kunatsikira kumunsi. Sabata ziwiri ankayenda motangadza ngati wakwera bulu wosaoneka. Malemu bambo anapita naye kuchipatala, ndipo atabwerako anauza amayi kuti anali malungo, chifukwa izo zinali za amuna. Ine ndinadziwa poti ndine ndinkamuchapira. Mayi wa m'shopu muno akuti matenda amenewo akagwira mnyamata wotha msinkhu nthawi zina amawononga mbewu. Nthawi zina, osati nthawi zonse.

Sindikufuna kuti muchoke pakhomo paja. Akazi amene amayi angamupezere ndikuwadziwa, ndipo palibe amene ndingamutumizire bulangete. Koma mwamuna ndi dzira, alamu, mumugwire bwino. Muzimupatsa mobisa, muzinena kuti ndi a mphamvu zokwerera phiri.

Mundiuze ngati nsapato zakwana. Mundiuzenso ngati mtengo wa mapeyala wa kuseri ukadalipo, ndimaulota.

Wanu,
Consolata

*

Sadzi, Zomba
8 Ogasiti 2011

Okondedwa alamu,

Moni. Wabasi uja ndamunamizira, amapeza zinthu. Kalata yanu ya Meyi yafika patatha miyezi iwiri, ikununkha ngati mandasi. Nsapato zinakwana, ndipo mapeyala alipo, ayamba kuchita maluwa. Kalatayo ndaiwotcha monga munanenera, ngakhale inalibe chachilendo kwenikweni kupatula dzina la matenda.

Alamu, satifiketi yanga ya Folomu 4 ndi yofooka, koma liwu la Chingelezi lotanthauza amuna ndimalidziwa. Lili pabotolo m'zilembo zazikulu, pansi pa chithunzi cha mkono wonga ntchafu ya ng'ombe. Ndinaliona tsiku loyamba lomwelo, ndipo ndinalidumpha dala. A Winston anali pakhomo pomwepo akuyesa jekete. Nawonso analiona, chifukwa anayamba kulimbana ndi zipi yomwe inalibe vuto.

Zaka ziwiri zapitazo tinapita tonse kuchipatala chachikulu. Ine anandiyeza zonse zoyezeka, nati sakuona cholakwika. A Winston anapatsidwa kabotolo ka chivindikiro chofiira kuti adzabwere nako Lolemba. Malolemba apita oposa zana. Kabotoloko kali kuphiri kunsanja yolondera moto, akusungiramo mchere.

Mudzafunsa kuti nanga ndamezeranji. Mkazi wosabereka anthu amamumvera chisoni, ena amamubweretsera mizu. Mwamuna amamupekera nyimbo. Alongo anu ndi munthu woti wina akamuseka paminibasi amatsika n'kuyenda pansi. Ndinaona kuti mwa awirife ine ndi amene ndili ndi msana.

Komabe sindikonda kumeza chinthu chimene sindikuchidziwa, ndiye ndinakafunsa a Sefu, amene ankatiphunzitsa Bayoloje ku Malosa. Anapuma ntchito, ndipo masiku ano amakhala pakhonde la sitolo ya mbewu ya mwana wawo, kuwerenga nyuzipepala za dzulo. Anatembenuza botolo kawiri, naseka mpaka kutsokomola. Anati asipatiki asidi si mlendo m'thupi. Ndi imodzi mwa njerwa zing'onozing'ono zomangira mapuloteni, ndipo thupi limaumba lokha njerwa imeneyi ngakhale usaigule. Imapezekanso mu nyemba, mtedza, mazira ndi nsomba. Chiwindi chimaigwiritsa ntchito posandutsa zinyalala za mapuloteni kuti zituluke ndi mkodzo, imathandiza pa kapangidwe ka mphamvu m'maselo, ndipo imakhudzidwa ndi mauthenga a m'mitsempha ya ubongo. Anati dzina lake linachokera ku katsitsumzukwa, poti m'chomera cha mtundu umenewo ndi mmene ofufuza akale anayambira kutola ulusi wake. Ndinawauza kuti katsitsumzukwa ali mbwee m'njira ya kuphiri, amandikola chitenje. Anati, "Ndiye wayenda ulendo wautali kubwerera kwawo."

Za kubereka anati pali mtundu wina wa asidi yemweyu umene umapezeka m'tiziwalo toyendetsa mahomoni a amuna, ndipo ndiwo ali m'botolomu. Akuti ofufuza ayesa pa anthu ochepa chabe, ndipo palibe dokotala woona mtima amene angalumbire kuti mwana atuluka m'menemo. Kenaka anavula magalasi n'kundifunsa kuti akumwa ndani. Ndinangotenga botolo n'kulibweza m'chikwama. Anati mayeso a mnzako sulemba ndiwe, ngakhale umukonde bwanji, ndipo ndisiye kumwa zinthu zosalembedwera ine. Kuyambira tsikulo piritsi ndimalipanikiza pansi pa lilime, ndimameza malovu kuti amayi aone pakhosi pakuyenda, kenaka ndimakaliponya m'kachitini ka mabatani.

Nyengo ya moto yayamba, ndiye a Winston asamukira kunsanja yolondera moto, amatsika Loweruka lokha. Lamulungu ndinawaperekeza, tinakwera phiri kudzera njira ija amaitcha ya mbatata. Pamwamba paja dziko limaoneka ngati losagwiritsidwapo ntchito. Nyanja ya Chilwa inali mbee ngati mbale ya malata yoiwalika pabwalo, Mulanje akuyandama pa utsi wopanda tsinde. Mitambo inkadutsa pansi pathu, kuphimba tawuni yonse ndi makalata ake onse ofunsira ntchito. Tinadya mbatata zowotcha, iwo akuthira mchere wa m'kabotolo kaja pa mapeyala ogula. Ndinawauza za kamtsikana ka juzi yofiira. Iwo anandiloza kautsi kakang'ono kumbali ya Domasi, nati ndi munthu akuwotcha mapesi chabe.

Musachite kanthu, alamu. Khirisimasi ikadali kutali.

Ella

*

Yeoville, Joni
4 Sepitembala 2011

Amayi anga okondedwa,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ndamva kuti bondo likuvutabe. Muzilipaka mafuta ofunda, ndipo musamakwere chitunda cha kutchalitchi mothamanga ngati mukupikisana ndi a kwaya. Ndasangalala kuti nsapato zinakwana. Ine ndili bwino, ndinasamukira chipinda china chosadontha, ndikukhala ndi mayi wa ku Mulanje wopemphera bwino. Kuno kwayamba kufunda. Mupereke moni kwa amalume a Anderson ndi amayi onse a m'mphakati. Ndikadzabwera mudzandisungire kalongonda, ndamulakalaka.

(tsamba lachiwiri)

Amayi, tsopano mundikhululukire, ndilankhula zimene mwana salankhula kwa kholo. Mapiritsi aja ndinatumizira Winston, osati Ella. Ndi a amuna. Ella anayezedwa kuchipatala zaka ziwiri zapitazo ndipo alibe vuto. Winston ndi amene sanabwerereko. Malungo aja a ali Folomu 2 sanali malungo, anali matsagwidi amene anatsikira kumunsi, ndipo bambo anakubisirani. Mwina vuto lili pamenepo, mwina ayi, koma sitingadziwe iye asanayezedwe. Mukamuchotsa Ella mudzabweretsa wina, ndipo winayo sadzakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi. Adzalengeza pamsika. Mwana wa eniake akumeza manyazi a mwana wanu m'mawa uliwonse, kuchokera m'dzanja lanu. Ndatha.

Mwana wanu,
Consolata

*

Sadzi, Zomba
3 Okutobala 2011

Alamu,

Moni wa kuno ndi wotentha. Jakaranda wachita maluwa m'misewu yonse, tikuyenda pa zofiirira ngati maepiskopi.

Ndinakupemphani kuti musachite kanthu. Mwachita, ndipo mwachita ngati munthu amene wakhalitsa kunja. Mwaiwala kuti makalata a amayi amawerenga ndani?

Anabwera ndi kalata yanu Lachiwiri madzulo nditangoweruka, anakhala pa mpando wa pakhonde, naiika pamiyendo panga. Tsamba loyamba ndinaliwerenga bwino lomwe, ndi mawu okweza. Anaseka za a kwaya. Anati kalongonda munthu wa ku Joni sangathenso kumuphika, angadziphe naye. Nditatembenuza pepala maso anga anathamanga mpaka pansi, pakamwa panga panaima. Ndinati, "Mwana wanu, Consolata," n'kupinda.

Amayi anu saona zilembo, koma amaona inki. Anafunsa kuti tsamba lonse lakudalo likuti chiyani. Ndinati ndi mavesi amene mayi wa ku Mulanje uja wakulemberani. Anafunsa kuti a m'buku liti. Ndinati Masalimo. Anati Consolata chibadwire sanalembepo vesi, ngakhale pa mayeso a Ukaristia woyamba anachita kuonera. Kenaka anatenga kalatayo, anaipinda kanayi, naimanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi makiyi.

Sindikukwiyirani. Zimene munalembazo ndi zoona, ndipo chiganizo chomaliza chija ndinakachiwerenganso mumtima ndili kubafa, pomwe munthu amatha kusamba kumaso popanda womufunsa. Koma taganizani. Akapita nayo kwa a katekisiti, nkhani ifika kumphakati. Akapita nayo kwa amalume a Anderson, ifika kubawo. Ine ndinkafuna kuti ngati mawuwa adzatuluke, adzatuluke m'kamwa mwa mwini wake. Ngati sangatuluke, ndinali nditayamba kale kuyeza m'maso kuti katundu wanga angakwane m'zikwama zingati. Ziwiri, ndi makina osokera pamutu.

M'mawa mwake anabwera ndi piritsi monga mwa masiku onse. Koma sanayang'ane pakhosi panga, anayang'ana kumaso.

Kamtsikana kaja kakubwerabe. Tsopano kamayenda pakati pa mitengo ya paini, pomwe singano zouma zimameza mapazi osamveka. Dzana kanaima pa mphambano ngati kakudikira kuti ndisankhe njira, koma tambala wa aneba anasankha m'malo mwanga.

Mitambo yayamba kusonkhana kumbali ya Mulanje. Mundilembere, koma kwa amayi musalembenso Masalimo.

Ella

*

Kunsanja, pa Phiri la Zomba
30 Okutobala 2011

Achemwali,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Jekete ndinalandira, zikomo, imandithandiza kuno chifukwa mphepo yake siona nyengo. Pepani kuti sindinalembe kale. Sindidziwa kulemba ngati Ella.

Amayi anabwera kuno Lachitatu. Ndi bondo lawo lija. Anapempha malo pa lole yonyamula matabwa, inawatsitsa pa mphambano, kotsalako anayenda ndi ndodo. Ine ndinali pamwamba. Kunali chifunga chochepa, ndipo ndinaona munthu akutuluka m'mitengo pang'onopang'ono ngati akuyenda pamadzi. Ndinayamba ndaganiza kuti ndikuona zinthu, poti munthu ukakhala wekha kuno masiku ambiri maso amayamba kukupangira alendo. Nditazindikira nsapato ndinatsika makwerero.

Sanafune tiyi. Anakhala pa chitsa, anamasula mfundo ya chitenje, nandipatsa kalata yanu. Anati tsamba loyamba analimva kale, ndiwawerengere Masalimo.

Ndinawerenga kaye chamumtima. Achemwali, ndinakukwiyirani. Ndikanakhala ndi mapiko ndikanafika ku Joni tsiku lomwelo. Kenaka ndinaona kuti amayi sangadziwe chimene chalembedwa. Ndikanatha kunena kuti Yehova ndiye m'busa wanga, n'kupitiriza mpaka pomwe ndimakumbukira, iwo akanabwerera kumunsi, nkhani n'kutha. Ella anachita choncho chifukwa cha ine. Ine ndikanachita chifukwa cha ine ndemwe.

Ntchito yanga kuno ndi imodzi. Ndikaona utsi ndimayenera kuimba wailesi ukadali waung'ono. Mlonda amene amaona utsi n'kumati mwina uzima wokha amawotchetsa phiri lonse. Ndakhala ndikuuza anyamata atsopano zimenezi zaka zisanu ndi zitatu.

Ndinawerenga zonse. Liwu lililonse, ndi la matsagwidi lomwe, ndi la kumunsi lomwe, pamaso pa mayi wondibereka. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina ali kuseri kwa mitengo.

Chifunga chinatipitirira. Amayi anafunsa ngati Ella akudziwa. Ndinati wadziwa zaka ziwiri. Anafunsa ngati ankadziwa kuti mapiritsi ndi a amuna pamene ankatambasula dzanja. Ndinati amadziwa Chingelezi kuposa ine. Anati, "Ndiye ine m'mawa uliwonse ndimadzuka ndi bondo langali kukamwetsa mwana wa eniake mankhwala ako, iwe uli m'bulangete ukumva?" Ndinati inde. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anatukwana bambo pang'ono m'Chilomwe, kenaka anapempha Mulungu kuti awakhululukire poti ndi malemu.

Atanyamuka ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndinawabereka pamalo potsetsereka. Ndi opepuka kwambiri masiku ano. Ali kumsana kwanga anati ndisauze Ella kuti anabwera, adzamuuza okha m'njira yawo.

Mchere ndakhuthulira m'pepala. Mvula ikangogwa atitsitsa, ndipo ndipita Lolemba loyamba. Ndikuopa, achemwali. Musauze munthu kuti ndatero.

Mlongo wanu,
Winston

*

Sadzi, Zomba
12 Disembala 2011

Okondedwa alamu a Consolata,

Moni wa mvula. Yagwa pa 9 Novembala, yoyamba ija imene amalume anaiika ngati malire anga. Phiri latsukika, mitsinje yonse ikulankhula nthawi imodzi, ndipo mapeyala anu ali ngati zibakera za mwana.

Njira ya amayi yondiuzira inali yotere. Kuchokera tsiku limene anapita kuphiri, lomwe ine ndinkayesa kuti anali ku maliro ku Chinamwali, anasiya kubwera m'mawa. Sabata ziwiri ndinkadzuka, kuima kuseri kwa chitseko, osamva nsapato. Ndinaganiza kuti andichotsera chiyembekezo, ndipo ndinatsitsa zikwama ziwiri zija pamwamba pa kabati n'kuzipukuta fumbi.

A Winston anatsika Loweruka lotsatira mvula. Lolemba anavala jekete yanu ngakhale kunali kotentha, nandipempha kuti ndipemphe tchuthi cha tsiku limodzi. Panjira m'pamene anandiuza zonse, akuyang'ana kutsogolo ngati akuyendetsa galimoto. Kuchipatala anatulutsa kabotolo kawo ka chivindikiro chofiira. Bambo wa kopimira anakanunkhiza, nafunsa ngati ankasungiramo usipa, kenaka anawapatsa katsopano.

Zotsatira sizabwino, komanso sizoipitsitsa. Mbewu ilipo koma ndi yochepa ndi yaulesi. Dokotala anati mwayi ulipo wochepa, abwerenso pakatha miyezi itatu, asiye fodya amene amasuta kunsanja poganiza kuti sindidziwa, ndipo azidya bwino. Tinamuonetsa botolo lanu. Ananena zofanana ndi za a Sefu, kungoti mosaseka: angathe kumaliza ngati akufuna, koma asamangirepo nyumba. Pobwerera a Winston anaima titafika pa Sadzi. Pamenepo anagula mtedza wokazinga wa m'pepala, nati poti njerwa zake ndi zomwezo, ayambiretu.

Amalume a Anderson anabwera Lamulungu lapitali kudzakonza za tsiku la ankhoswe. Amayi anawalandirira pakhonde la kutsogolo, osatiitana. Ndinangomva zapatalipatali. Amalume anati nanga mvula si yagwa. Amayi anati yagwa, akadzale. Amalume anafunsa kuti kodi pali chooneka. Amayi anati chooneka chilipo, iwo achiona, ndipo si cha pabawo. Tiyi anamwa kapu imodzi yokha.

Tsono dzulo lija m'mamawa, chifunga chili pabwalo, ndinamva nsapato. Thupi lili ndi chizolowezi chake: ndinapezeka ndatsegula chitseko, dzanja lili kale patsogolo. Amayi analiyang'ana, nandidutsa ngati ndine mtengo. Anaima pakati pa balaza n'kuitana mwana wawo ndi dzina lonse. A Winston anatuluka atafunda bulangete. Amayi anawauza ndi chibwano kuti atambasule dzanja, anaikamo piritsi, nayang'ana pakhosi pawo mpaka linadutsa. Lamulo ndi lamulo, sanapereke moni kwa aliyense kufikira zitatha.

Ine ndinali ndikadali pakhomo, dzanja lili m'malere, nditaiwala kulibweza. Potuluka anaima. Ndinaganiza kuti andiuza kuti nditseke chitseko kukuzizira. Anaika dzanja lawo m'dzanja langalo, lopanda kanthu, louma ngati khungwa, nalisiya momwemo nthawi yaitali kuposa ya piritsi.

"Mwadzuka bwanji, mwananga?"

Ndinati ndadzuka. Anati Loweruka tipite tonse kutchalitchi kwa abambo mfumu tikalembetse ukwati, chifukwa iwo akukalamba ndipo sangamadikire anthu amene sanabadwe. Anatinso mabatani anga ndiwapezere malo ena, poti kachitini kaja akhala akukadziwa kuyambira Ogasiti.

Ukwati ndi wa pambuyo pa Pasaka. Muyambe kupempha tchuthi, ndipo mubwere nokha, musadzitumize pa basi ya dizilo. Mabotolo ena musagule. M'kachitini muli okwanira mpaka dokotala adzationenso, ndipo nyemba kuno zatsika mtengo.

Kamtsikana kaja sindinakalote chigwereni mvula. A Winston akuti anakaona iwo kutulo, Lachisanu, kali pa mlatho wa Mulunguzi. Ndinawafunsa ngati kanatembenuka. Akuti ayi, koma juzi ndi yofiiradi.

Ine mlamu wanu, amene zikwama zake zabwerera pamwamba pa kabati,
Ella